Za Boti la Matabwa

Abale athu a kuno ku mapiri a Dedza, mukatsikira ku nyanja podzera pa Mua, pamene ansembe a White Fathers anamanga misoni mu 1902, penyetsetsani ngalawa za asodzi. Makolo ankasema bwato m'thunthu limodzi la mtengo waukulu. Nanga mitengo yotere ili kuti lero? Chifukwa chake amisiri akhoma maboti a matabwa, opalasa ndi nkhafi, ndipo ife tiwayamikira. Koma msodzi akadza kudzagula matabwa a paini wa ku Chongoni, musamnyenge: paini sachedwa kuola m'madzi. Mumuuze apake utoto, atseke mipata yonse ndi thonje ndi phula, mwera usanadzuke mu June, pakuti m'botimo mudzakwera ana a eni.