Nkhondo ya Chiwaya Sidathe pa 11 Novembala

Pali funso limodzi losasowa pa mipikisano ya mafunso, kaya ya pa wailesi, ya m'sukulu, kapena ndandanda zija anthu amatumizirana pa mafoni: kodi Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse idatha liti? Mwana wa ku Chipata, wa ku Dedza kapena wa ku Angónia akayankha kuti pa 11 Novembala 1918, amamuwombera m'manja, wofunsa n'kupita pa funso lina. Mwanayo walandira mphoto chifukwa choloweza tsiku limene mfuti zidaleka kulira ku France, pamene kuno kwawo nkhondo yomweyo inali isanathe. Wofunsa ndi amene ali ndi mlandu, chifukwa funso lake ndi lopunduka.

Chimene chidachitika pa 11 Novembala n'chodziwika. M'ngolo ya sitima ya pamtunda, m'nkhalango ya Compiègne, nthumwi za Germany zidasaina pangano loleka kumenyana, ndipo nthawi itakwana 11 koloko m'mawa mfuti zidakhala chete ku Ulaya. Koma pa tsiku lomwelo mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anali m'dera la Kasama, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia, ndipo m'masiku omwewo boma la Kasama lidagwa m'manja mwake. Uthenga wa panganolo udatsimikizidwa kwa iye pa 14 Novembala m'mbali mwa mtsinje wa Chambeshi, pomwe mpaka lero pali chipilala cha chikumbutso. Adakapereka zida pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene tsopano kumatchedwa Mbala, ali ndi Ajeremani pafupifupi 155 ndi asilikali akuda oposa 1,100. Padadutsa masabata awiri athunthu, ndipo masabata amenewo funso la pa mpikisano limangowameza.

Ndipo ngati nkhani ndi kutha kwa nkhondo mwalamulo, ngakhale ku Ulaya komweko 11 Novembala siyankho. Pangano la mtendere ndi Germany lidasainidwa ku Versailles pa 28 Juni 1919. America sidalivomereze, idachita kupangana yokha ndi Germany mu 1921, ndipo nkhani ya Turkey idakathera ku Lausanne mu 1923. Choncho mneni uyu wakuti "kutha" wanyamula zinthu zitatu zosiyana: kuleka kuwombera, kupereka zida, ndi kusaina mtendere. Wofunsa amasankha chimodzi mwa zitatuzi mosanena, kenaka n'kutcha zinazo zolakwika.

Chiyambi cha nkhondoyi nacho chimafotokozedwa mwa njira yomweyo. Mafunso amatchula Sarajevo ndi imfa ya Franz Ferdinand pa 28 Juni 1914, zomwe n'zoona. Koma ndi angati amafunsa za sitima ya Guendolen, imene pa 13 Ogasiti 1914 idaphulitsa mzinga pa sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhafen, lero Liuli, pa nyanja yomwe Anyanja adatengera dzina lawo? Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho magazi adakhetsedwa ku Karonga, ndipo manda ake alipobe. Mu Novembala 1917 Lettow-Vorbeck adawoloka Rovuma kulowa m'Mozambique, nafika mpaka ku Namacurra kufupi ndi Quelimane mu Julayi 1918, asilikali a mbali zonse akudya za m'nkhokwe za anthu wamba. Maiko atatu amene olankhula Chichewa ndi Chinyanja amakhalamo onse adaponderedwa ndi nkhondoyi.

Amene adaisenza pamutu, m'tanthauzo lenileni la mawuwo, anali amtengatenga. Kumadera kumene kunalibe njanji, ndipo ng'ombe ndi mahatchi zinkafa ndi kashembe, zipolopolo, ufa ndi mahema zinkayenda pa mitu ya anthu. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti m'Nyasaland mokha mudachokera amtengatenga pafupifupi 200,000, ambiri ochita kugwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu. Kaundula wa Angerezi amasonyeza kuti pafupifupi 95,000 mwa onyamula katundu awo kum'mawa kwa Africa adafa, makamaka ndi kamwazi, malungo ndi njala. M'busa John Chilembwe adaziona zikubwera: mu Novembala 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni ake, ndipo pa 23 Januwale 1915 adaukira boma. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a ku Africa ndi Egypt, sadalembedwe maina pa zikumbutso monga adalembedwera azungu, ndipo nduna ya chitetezo ya Britain idapepesa m'nyumba ya malamulo. Mndandanda wa mafunso umene suwatchula anthuwa ukupitiriza ntchito yomwe eni ake adaipepesa kale.

Chodabwitsa n'chakuti chiyankhulo chidasunga zimene mafunsowa adataya. Makolo nkhondoyi adaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti ija yothetheka ngati chimanga chokazinga. Liwu lakuti "msilikali" ndi mbale wake wa liwu la Chiswahili lakuti askari. "Akeyala" ndi zilembo za KAR, gulu la King's African Rifles, zitaumbidwa ndi lilime la kuno. Magule a beni ndi malipenga, ndi mayunifolomu, maudindo ndi maguba ake, ndi perete wa asilikali atasandutsidwa gule. Mwana amene akuvina malipenga m'mphepete mwa nyanja akusunga mbiri ya nkhondoyi ndi miyendo yake, kenaka n'kukaphunzitsidwa pa mpikisano kuti nkhondoyo idachitikira kwina.

Okonza mafunso ali ndi chodzitetezera, ndipo n'choyenera kuchimva. Amati mpikisano umafuna yankho limodzi lalifupi, kuti 11 Novembala ndi tsiku lodziwika padziko lonse, ndiponso kuti mwana wokakhala pa mayeso sangakakangane ndi buku. Zonsezi n'zomveka, koma mankhwala ake ndi apafupi. Funso lingofunsa chimene likufunadi: kodi pangano loleka kumenyana ndi Germany lidasainidwa liti? Pamenepo 11 Novembala ndi yankho losatsutsika. Kenaka pabwere linzake: kodi gulu lomaliza la asilikali a Germany mu Africa lidapereka zida kuti? Yankho lake ndi limodzinso, lalifupinso, Mbala. Vuto lomweli lili pa Nkhondo Yachiwiri, imene amati idayamba pa 1 Sepitembala 1939, ngakhale kuti Italy idalowa m'Ethiopia mu Okutobala 1935 ndipo Japan idayamba nkhondo yaikulu ndi China mu Julayi 1937. Kuwonjezera mawu akuti "ku Ulaya" pa funsolo sikudya nthawi ya munthu.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma wofunsa mopotoka amadyetsa phula ana a eni. Aphunzitsi, owulutsa mawu ndi onse okopera ndandanda za mafunso pa intaneti ayenera kuwerenga funso lililonse asanalitumize, n'kuona kuti "dziko lonse" lotchulidwalo likuyambira pati ndi kulekezera pati. Mwezi wa Novembala ukafika, pa funso la Compiègne pakhalenso la Chambeshi ndi la Mbala, ndipo mwana amene ayankhe kuti 25 Novembala 1918 apatsidwe malikisi ake onse.