Mankhwala a mwana, funsani sikelo

Makolo anzanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Chizolowezi chobenthula piritsi la akuluakulu pakati n'kumwetsa mwana, ati theka ndiye mlingo wake, chikuika miyoyo ya ana athu pachiswe.

Chiwindi ndi impso za mwana n'zanthete, sizichotsa mankhwala m'thupi ngati mmene zimachitira za munthu wamkulu. N'chifukwa chake kuchipatala amayamba amukweza pasikelo. Saona zaka zokha, poti ana awiri obadwa mwezi umodzi amatha kusiyana kulemera kwambiri.

Titenge panado. Wamkulu amamwa mapiritsi awiri a mamiligalamu 500. Mwana amapatsidwa mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, osapitirira kanayi pa tsiku. Choncho wolemera makilogalamu 10 asapitirire mamiligalamu 150 pa nthawi imodzi. Theka lija ndi mamiligalamu 250. Mwaona kupyola kwake? Mukamabwereza chonchi usana ndi usiku, thupi lizizira ndithu, koma chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nawo LA wa malungo amatsata sikelo. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu. Mukachepetsa kapena kusiyira panjira kuti otsalawo musungire mng'ono wake, tizirombo sitifa tonse ndipo malungo amabwereranso. Aspirin yekha musamupatse mwana n'komwe pokhapokha adokotala atalamula. Mankhwala amadzimadzi muziyeza ndi kachikho kapena sirinji yobwera nawo, chifukwa masipuni a tiyi a m'nyumba zathu salingana kukula.

Masamu awa ndawaika kuti muone kuopsa kwa kungoganizira, osati kuti aliyense asanduke dokotala pakhomo pake. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Musajombe kusikelo, ndipo buku lakuchipatala la mwana likhale pafupi, popeza kulemera kwake kumalembedwa momwemo. Mukalandira mankhwala pawindo, musachite manyazi kufunsa anamwino kuti, "Amwe angati? Kangati pa tsiku? Kwa masiku angati?" Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu aliponso kuti akuthandizeni. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi, thamangirani nalo kuchipatala, musayambe mwapita kugolosale. Safunsa anadya phula.