Phunziro la Oxidation Number Liyambire pa Katondo

Chaka ndi chaka timaona aphunzitsi ophunzira akuyamba phunziro la oxidation number mwa njira imodzi yomweyo. Amalemba malamulo pabolodi, akuti okosijeni ndi -2, haidirojeni ndi +1, chiphatikizo chonse chikhale 0, kenaka nkuuza ana kuti aloŵeze. Anawo amaloŵezadi, ndipo ena amakhoza nawo mayeso a MSCE. Koma mukawafunsa chimene chimachitika nambalayo ikasintha, amangoti kukamwa yasa. Ife tikuti malamulowo adze pambuyo. Mwana ayambe waona ndi maso.

Mphunzitsi wotumizidwa ku Malingunde, ku Mitundu kapena ku Nathenje asadandaule kuti sukulu ilibe labotale. Atume ana akatape katondo kumunda, akakumbenso dothi lotuŵa la pansi pa dambo pamene madzi saphwa. M'madothi onse aŵiriŵa muli ayironi. Katondo ngwofiira chifukwa ayironi wake anakumana ndi mpweya nataya maelekitironi atatu. Ali pa +3, monga dzimbiri la pakhasu. M'dambo madzi amatsekereza mpweya, ndipo tizilombo ta m'dothi timabwezera ayironi elekitironi imodzi. Akatsikira pa +2 kufiira kumatha. Ana akaphwanya chibuma cha m'dambocho adzapeza timaŵanga tofiira m'mbali mwa mizu ya udzu, momwe mpweya umaloŵera. Madzi a m'mijigo ina amatuluka oyera, koma akagona m'ndowa amasiya matope ofiira pansi: +2 wasanduka +3.

Apa mpamene choko chigwire ntchito. Lembani Fe₂O₃. Maokosijeni atatu apanga -6, motero maayironi aŵiri ayenera kupanga +6, aliyense +3. Mwana amene manja ake akadali ofiira ndi katondo saiŵala msanga samu imeneyi.

Ana a ku Malingunde ali ndi mwayi winanso. Pansi pa dera lawo pali graphite, amene kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inamufufuza, nitulutsa lipoti la mgodi wake mu 2018. Graphite ndi kaboni yekhayekha, ndipo chifukwa chake nambala yake ndi 0. Thanthwe lomusunga linafumbutuka ndi mvula ndi mpweya mpaka kufeŵa ngati dothi, ayironi wake nachita dzimbiri, koma iye anakhalabe pa 0. Kaboni yemweyo akapsa m'mbaula nkusanduka CO₂ amafika pa +4. Mu CH₄, mpweya wotuluka m'ndoŵe zovunda, ali pa -4. Pamenepa tichenjere: kaboni wa mu CO₂ sanataye kwenikweni maelekitironi anayi, amagaŵana ndi okosijeni. Nambalayi ndi njira yoŵerengera chabe, yongoganizira kuti wokoka mwamphamvu watenga onse. Mphunzitsi wosanena zimenezi amabzala chisokonezo chimene anzake adzavutika kuchizula.

Ena adzati silabasi njaitali ndipo kukumba dothi nkutaya nthaŵi. Tikuvomera kuti piriyodi imodzi idzapita, koma kubwereza malamulo amene ana anaiŵala kumadya yoposa pamenepo. Ndipo funso loyesera lili kale m'nyumba za makolo awo. M'thumba la feteleza wa CAN muli NH₄NO₃. Ana apeze okha kuti naitirojeni woyamba ali pa -3, wachiŵiri pa +5, nafotokoze chifukwa chake chinthu chimodzi chili ndi manambala aŵiri m'thumba limodzi.