Tisamalumphe buku la Levitiko

Ambiri a ife tikatsimikiza mtima kuti tiwerenga Baibulo lonse, timayenda bwino m'mabuku a Genesis ndi Eksodo, koma tikafika pa Levitiko mphamvu zimatithera. Timangoonamo ng'ombe, nkhosa, magazi ndi utsi, n'kunena kuti zimenezi n'zakale, sizitikhudza. Ife tikuti kulumpha bukuli n'kudzimana tokha, pakuti munthu wosadziwa nsembe za Aisraele amamva mawu a pa Misa ngati chilankhulo chachilendo.

Taonani m'mene Mwisraele ankaperekera nsembe yopsereza. Ankasankha m'khola mwake chiweto chachimuna chopanda chilema, n'kubwera nacho iye mwini. Ankasanjika dzanja lake pamutu pa chiwetocho, n'kuchipha, ndipo ansembe ankawaza magazi ake paguwa. Wosauka ankabweretsa njiwa kapena nkhunda, monga anachitira Yosefe ndi Maria pamene anapita ndi Yesu ku Tempile. Mwini nsembe sankaima patali n'kumangoonerera ayi.

Mutu 16 wa bukuli umafotokoza za tsiku lopepesera machimo. Kamodzi kokha pa chaka, mkulu wa ansembe ankalowa kuseri kwa chinsalu chotchinga Malo Opatulika Kopambana, atatenga magazi a ng'ombe yamphongo ndi a mbuzi. Ankayamba wapepesera machimo ake omwe, kenaka a anthu onse. Chaka china chikafika, ankachitanso chimodzimodzi. Apa m'pamene Kalata ya kwa Ahebri imatitsekula maso. Imaphunzitsa kuti Khristu, amene analibe tchimo loti adzipepesere, analowa pamaso pa Atate kamodzi kokha, ndi magazi akeake. Tikadziwa ntchito ya chinsalu chija, timamvetsa chifukwa chake Mateyo, Marko ndi Luka onse atatu analemba kuti chinang'ambika Yesu ali pa mtanda. Khomo limene linkatsekukira munthu mmodzi linatsekukira tonse.

Wina atifunsa kuti: nanga si Aroma anagumula Tempile ya ku Yerusalemu m'chaka cha 70, nsembe za nyama n'kuthera pomwepo? N'zoona, ndipo palibe akutiuza kuti tiyambenso kupha nkhosa. Komatu Mpingo sunataye chikumbutso cha nsembe zakalezo. M'Pemphero Loyamba la Ukaristia wansembe amatchula Abele, Abrahamu ndi Melkizedeki, kupempha Mulungu kuti alandire zopereka zathu monga analandirira zawo. Ndipo Msonkhano wa ku Trent unaphunzitsa m'chaka cha 1562 kuti amene amaperekedwa pa Misa ndi Khristu yemweyo amene anadzipereka pa mtanda, koma tsopano popanda kukhetsa magazi.

Tichenjerenso ndi lilime lathu. Kunena kuti nsembe zakale zinkalozera kwa Khristu sikutipatsa chilolezo chonyoza Ayuda, amene mpaka lero amasunga tsiku lopepesera machimo posala zakudya ndi kupemphera. M'chaka cha 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unakaniza kuwaona Ayuda ngati anthu okanidwa kapena otembereredwa ndi Mulungu. Yesu, Maria ndi Atumwi onse anali Ayuda.

Tsono funso likubwerera kwa ife. Mwisraele ankachepetsa ziweto za m'khola mwake kuti aonekere pamaso pa Mulungu. Ife timafika Misa ili pakati, n'kuima kumbuyo, maso ali pa foni, n'kumaweruza m'mene kwaya yaimbira. Kodi dzanja lathu talisanjika pa chiyani? Mkate ndi vinyo zikamapita kuguwa, tiyenera kuikapo maphunziro athu, kusowa kwathu kwa ntchito, ndi tchimo limene tikulimbana nalo.

Tiyeni sabata ino tiwerenge Levitiko mutu 1 ndi 16 pamodzi ndi Ahebri mutu 9, ndipo Lamulungu likubwerali tifike m'tchalitchi Misa isanayambe, titadziwa chimene tabwera kudzapereka.