Wolakwa asamakhale wina nthawi zonse

Mu 2022 Amalawi adadzidzimuka atamva kuti K750 miliyoni yogulira feteleza wa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP idalipiridwa ku Barkaat Foods, kampani ya ku Britain yochita malonda a nyama. Feteleza uja sadabwere. Nduna ya zamalimidwe panthawiyo, a Lobin Lowe, sadatule pansi udindo mwa kufuna kwawo. Adachita kuchotsedwa ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera mu Okutobala chaka chomwecho.

Chotikhumudwitsa n'chakuti pa ndale zathu kuvomera kulakwa kwasanduka chinthu chamanyazi. Mafuta a galimoto akasowa, timauzidwa za kuchepa kwa ndalama zakunja ndi nkhondo ya ku Ukraine. Chimanga chikakwera mtengo, chala chimaloza namondwe Freddy. Zifukwa zikatha, mlandu umagwera boma lomwe lidachoka, ndipo chipani chilichonse chikalowa chimachita chimodzimodzi. Inde, mavuto ena ndi enieni. Freddy adapha anthu ambirimbiri mu 2023. Koma namondwe sasainira cheke, ndipo sasankha kampani yogulako feteleza. Zimenezi amachita ndi anthu okhala m'maofesi, olipidwa ndi misonkho yathu.

Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wolandira galimoto ya boma ndi ulemu wa "olemekezeka" alandirenso chidzudzulo ntchito ikaonongeka m'manja mwake, osakankhira mlembi wake kapena wogwira ntchito wamng'ono.

Tikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo, makamaka a m'komiti yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma ya PAC, kuti akaitanitsa akuluakulu a boma azifunsa molunjika: adavomereza ndani, adasainira ndani? Yankho lake lilengezedwe poyera, Amalawi alimve.