Lamulo Loyezedwa ndi Diso

Mlimi wanzeru sagulitsa chimanga chake kwa munthu amene wabwera wopanda sikelo. Wogula akangonyamula thumba n'kunena kuti, "Ili likukwana makilogalamu 40," mlimi amadziwiratu kuti pano pali kuberana. N'chifukwa chake dziko lino lili ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene mwa ntchito zake zina limayendera masikelo a m'misika ndi mapampu a mafuta. Pamsewu napo tinavomereza kale nzeru yomweyi. Wothamangitsa galimoto amagwidwa ndi makina oyeza liwiro, woledzera amauzira mpweya m'kachipangizo ndipo nambala imaoneka. Koma ikafika nkhani ya magalasi akuda a galimoto, amene ambiri timangoti tinti, sikelo imasowa. Mlandu umayambira m'diso la munthu mmodzi, umazengedwa m'diso lomwelo, chigamulo n'kutulukanso momwemo. Ine ndikuti mchitidwe umenewu ndi wolakwika, ndipo amene akuvutika nawo kwambiri ndi anthu wamba ogula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito.

Wina asandimve molakwa. Kuletsa magalasi akuda mopyola muyezo ndi chinthu chanzeru. Misewu yathu yambiri ilibe magetsi, ndipo m'mbali mwake mumayenda ana asukulu, amayi osenza nkhuni, akabaza ndi ngolo za ng'ombe. Lipoti la bungwe la World Health Organization la 2018 lidayerekeza kuti ku Malawi anthu pafupifupi 31 mwa anthu 100,000 alionse ankafa pangozi zapamsewu pachaka. Dalaivala amene akukhota pamphambano usiku amadalira galasi lam'mbali kuti aone wanjinga wopanda nyali. Woyenda pansi nayenso asanawoloke amafuna aone nkhope ya dalaivala kuti atsimikize kuti waonedwa. Komanso wogwira ntchito yachitetezo ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuona amene ali m'galimoto asanaiyandikire. Zonsezi ndikuzivomereza ndi mtima wonse. Chimene ndikukana ndi kayezedwe kake.

Tiyambe ndi kumene magalimoto athu amachokera. Dziko lino silipanga magalimoto, ndipo ambiri mwa ife sitingakwanitse kugula yatsopano. Poti timayendetsa kumanzere kwa msewu, timagula kumaiko amene chiwongolero chili kumanja: ku Japan, ku South Africa ndi ku Britain. Ina imatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ina imadzera ku Durban kapena ku Beira n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Lililonse mwa maiko atatuwa lili ndi lamulo lake la magalasi, ndipo lamulolo limayankhula ndi nambala. Ku Japan galasi lakutsogolo ndi a zitseko zakutsogolo ayenera kulola kuwala kosachepera 70 peresenti kudutsa. Ku Britain lakutsogolo ndi 75 peresenti, a zitseko zakutsogolo 70 peresenti, pamene akumbuyo alibe malire. Ku South Africa lakutsogolo ndi 70 peresenti, ena onse 35 peresenti. Taonani tsono: galasi lachitseko limene ndi lololedwa ku Johannesburg lingamugwiritse munthu mlandu ku London. Magalimoto a malamulo atatu osiyanawa amadzakumana pamsewu umodzi wa M1, ndipo onse amadzaweruzidwa ndi diso.

Pali chinanso chimene ogula ambiri sauzidwa. Kuda kwa galasi kuli mitundu iwiri. Kwina ndi pepala lopyapyala limene munthu amamata mkati mwa galasi, ndipo limatheka kumatula. Kwina ndi utoto umene unasakanizidwa m'galasi momwemo kufakitale, monga timaonera pamagalasi akumbuyo a magalimoto ambiri ochokera ku Japan. Umenewu ngakhale mutapala ndi lumo tsiku lonse sungachoke. Njira yake ndi kugula galasi lina. Pepala lomatalo nalonso lili ndi msampha wake. Galasi la galimoto looneka loyera silidutsitsa kuwala konse. Lambiri limadutsitsa pakati pa 70 ndi 80 peresenti. Choncho mnyamata wa pagalaja akamata pepala lolembedwa kuti 35 pagalasi lodutsitsa 75 peresenti, kuwala kotsala kumakhala pafupifupi 26 peresenti basi. Womatayo sananame, mwini galimoto sananame, koma nambala yatsika. Kodi masamu oterewa munthu angawawerengere m'maso ataima padzuwa?

Diso lenilenilo ndi mboni yosadalirika pankhaniyi. Aliyense amene anaimapo panja masana n'kuyesa kusuzumira m'nyumba kudzera pawindo amadziwa kuti mkati mumaoneka mdima ngakhale galasi likhale loyera. Usiku nyali ikayaka m'nyumbamo, zonse zimaonekera poyera. Galimoto ndi chimodzimodzi. Galasi limodzi lomwelo limaoneka lakuda bii dzuwa lili paliwombo, n'kuoneka loyererako kukachita mitambo. Mipando ikakhala yakuda limaoneka lakuda koposa. Tsono chilungamo chimene chimasintha ndi mitambo ndi mtundu wa mipando tingachitche chilungamo?

Zimenezi sindikuzinena mongomva. Ndine wogwira ntchito m'boma, ndipo malipiro athu nonse mukuwadziwa. Nditasunga kwa zaka zingapo n'kuwonjezera ndi ngongole, ndidagula pikapu yakale yoti izindithandiza kutuma feteleza kumudzi ndi kubweretsa chimanga m'tauni. Idalowa m'dziko muno kuchokera ku South Africa ndipo ine ndidali mwini wake wachitatu kuno. Magalasi a zitseko zakutsogolo adali ndi pepala lija eni magalimoto kumeneko amamata poopa akuba oswa galasi n'kutsomphola chikwama pamaloboti. Ndidasintha umwini, ndidalipira inshulansi, galimoto idayezedwa n'kupatsidwa chiphaso cha COF magalasi ali momwemo. Ulendo wina wopita kumudzi ndidadutsa malo atatu oimitsira magalimoto. Poyamba adangondikodola kuti ndipite. Pachiwiri adaona mapepala, adazungulira galimoto n'kundifunira ulendo wabwino. Pachitatu bambo wina wa yunifolomu adagogoda galasi ndi chala.

"Bwana, magalasi awa ndi akuda kwambiri."

"Akuda kufika pati, akuluakulu? Muyezo wake ndi uti?"

"Ine ndikuona ndi maso angawa. Mumatule pompano, apo ayi galimoto sichoka."

Ndidawaonetsa chiphaso, iwo adati chiphaso ndi nkhani ina. Ndidatuma mwana kukagula lumo paokala, ndipo ndidatha maola awiri ndikupala guluu padzuwa, matumba a feteleza ali kumbuyo. Titafika pagalasi lakumbuyo bambowo adakanda ndi chikhadabo, adapeza kuti palibe chomatula, adangoti, "Limenelo lisiyeni." Pa maola awiriwo padadutsa magalimoto akuluakulu angapo a magalasi akuda ngati makala, oti sungadziwe ngati muli munthu kapena mbuzi. Palibe ndi imodzi yomwe imene idaimitsidwa. Ina idachitiridwa sailuti.

Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 20, amanena kuti anthu onse ayenera kutetezedwa mofanana ndi lamulo. Ngati galasi lakuda limabisa wanjinga kwa dalaivala wa pikapu yakale, limamubisanso kwa dalaivala wa bwana, ndipo galimoto ya bwanayo ndiyo imathamanga koposa. Ngati pali maudindo ena amene chitetezo chawo chimafuna magalasi otere, maudindowo alembedwe poyera, tonse tiwadziwe, ndipo akhale owerengeka. Zoti kukula kwa galimoto ndiye chilolezo, zimaphunzitsa ana athu kuti lamulo ndi ukonde wogwira matemba okha, chambo n'kumadutsa.

Gawo 43 la Malamulo omwewo limapatsa munthu ufulu woti akuluakulu a boma akamachita kanthu kokhudza iye, azichita motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso azimupatsa zifukwa zolembedwa. Kodi mawu oti "ine ndikuona" angalembedwe ngati chifukwa? Munthu wogwidwa ndi makina a liwiro ali ndi nambala yoti angakatsutse kukhoti. Wogwidwa ndi diso alibe pogwira. Ndipo pamene palibe pogwira m'pamene pamamera mawu aja tonse timawadziwa, akuti "tingothandizana" kapena "ya fanta". Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limati wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa, ndipo n'zoona. Koma boma limene likufunadi kuthetsa ziphuphu liyenera kutseka mipata imene imaziitana. Lamulo lopanda muyezo limaika pamayesero onse awiri, dalaivala wofulumira ndi wantchito wa malipiro ochepa. Wantchito wachilungamo, amene alipo ambiri, limamusiyanso pamavuto, chifukwa alibe chomutchinjiriza dalaivala akayamba kumunena kuti akungofuna ndalama.

Anzathu a ku Kenya adaziona zimenezi. M'chaka cha 2014 mkulu wa apolisi kumeneko, David Kimaiyo, adalamula kuti magalimoto a magalasi akuda azigwidwa, kuphatikizapo a anthu wamba. Eni magalimoto adavutika m'misewu mpaka nkhani idakafika kubwalo lalikulu la milandu, limene lidagamula chaka chomwecho kuti lamulo lolembedwa linkakhudza magalimoto onyamula anthu olipira okha. Phunziro lake ndi lakuti mawu a pakamwa, ngakhale achokere kwa mkulu wotani, saposa zimene zidalembedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ena anganene kuti, "Nanga bwanji osangomatula zonse musanayambe kuyenda, nkhani ithe?" Yankho langa lili patatu. Choyamba, galasi la utoto wa kufakitale silimatulika, ndipo kusintha magalasi anayi kapena asanu ndi ndalama imene munthu wongomaliza kulipira msonkho wa galimoto alibe. Chachiwiri, pagalasi lakumbuyo la magalimoto ambiri pali timawaya topyapyala toumitsa nkhungu, ndipo lumo likadutsa pamenepo timaduka. Chachitatu, si onse omata pepala amene ali ndi chobisa. Amene adayendapo ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwezi wa Okutobala, kutentha kukapyola madigiri 40, akudziwa kuti m'galimoto mumasanduka uvuni. Abale athu achialubino, amene khansa ya pakhungu imawavutitsa kwambiri, amafunika kutetezedwa ku cheza cha dzuwa, ndipo magalasi am'mbali sachitsekereza mokwanira monga limachitira lakutsogolo. Masiku ano kuli mapepala ena pafupifupi oyera amene amatchinga chezacho osadetsa galasi. Diso longoona kuti pamatidwa kanthu lingalamule kuti nawonso achotsedwe, pamene makina akadawapeza osalakwa.

Chipangizo choyezera si chodabwitsa ayi. Ndi kabokosi kokwana m'dzanja, kamene amakapanikiza pagalasi lotsitsidwa pang'ono. Mbali ina kamatulutsa kuwala, mbali inayo kamawerenga kuwala kumene kwadutsa, ndipo m'masekondi ochepa nambala imaoneka. Dziko limene lidakwanitsa kugula makina a liwiro ndi a mowa silingalephere kugula timabokosi totere.

Choncho zimene ndikupempha ndi zinayi. Muyezo umene dziko lathu likufuna pagalasi lililonse ulembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, upachikidwe pazipata zolowera m'dziko ndi pamalo onse oyezera magalimoto, kuti woitanitsa, wogulitsa ndi womata mapepala asadzanene kuti sankadziwa. Magalasi aziyezedwa ndi makina pa nthawi ya COF, nambala yake n'kulembedwa, kuti dzanja lamanja la boma lisamapereke chiphaso chimene dzanja lamanzere likachikane pamsewu. Woimitsa galimoto chifukwa cha magalasi akhale ndi choyezera, ndipo nambala imene wapeza ailembe palisiti. Pomaliza, munthu amene wangogula galimoto n'kupezeka kuti magalasi ake apyola muyezo apatsidwe masiku owerengeka oti akakonze kwa odziwa ntchitoyo, m'malo momugwiritsa lumo m'mbali mwa msewu ngati wagwidwa akuba. Akapanda kukonza, pamenepo chindapusa chimugwere, ndipo palibe angamumvere chisoni.

Kwa inu anzanga amene mukusunga ndalama kuti mugule galimoto yanu yoyamba, walira mvula walira matope. Musanapereke ndalama tsitsani galasi lililonse, muone m'mphepete mwake ngati muli mzere wa pepala. Mufunseni wogulitsa kuti adamata ndani ndipo ndi la nambala yanji. Ngati zitseko zakutsogolo zili zakuda, mtengo womatulira uchotsedwe pamtengo wa galimoto. Koma mukatero musakhale chete ngati kuti nkhani yatha. Lamulo la zapamsewu la 1997 ndi malamulo ena otuluka pansi pake adalembedwa kuti atiteteze tonse, ndipo tili ndi ufulu wofunsa aphungu athu chifukwa chake chimanga chili ndi sikelo, mafuta ali ndi muyezo, liwiro lili ndi makina, koma galasi likuweruzidwabe ndi diso.