WOPHUNZIRA ZA CITUKUKO APITE KUMENE KULI ANTHU

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, eni dziko amene anali ndi madigiri anali ngati 100 cabe. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo anthu wamba ndiwo anathandiza kuimanga. Ena anasonkha ndalama, ena a m'midzi anapereka nkhuku ndi mbuzi. Ngongole imeneyi sinalembedwe pa pepala, koma ilipo.

Lero ophunzira acuruka. Ena mwa iwo, akatsiriza digiri yoyamba, apitiriza yaciwiri pa za kayendetsedwe ka Boma ndi citukuko ca anthu, ndipo kawirikawiri afunika kugwirako nchito miyezi ingapo m'maofesi kuti aone ndi maso zimene anawerenga m'mabuku. Dongosolo limeneli ndi labwino. Coipa ndi malo amene ambiri athamangirako.

Athamangira ku maofesi a maunduna ndi a mabungwe akunja mu Lusaka. Kumeneko wophunzira atha miyezi itatu akunyamula mafailo ndi kulemba zokambidwa pa misonkhano ya m'mahotela. Pambuyo pace alemba lipoti lokhuthala lonena za kupereka mphamvu kwa anthu a m'midzi, pamene iye mwini m'mudzi sanapondemo. Sadziwa kuti mtsinje ukadzaza mu Febuluwale ana a tsidya lina aleka sukulu, kapena kuti mjigo ukaonongeka amai abwerera ku citsime ca kudambo kumene ng'ombe zimwa. Munthu ameneyu zaka zikapita adzakhala mkulu mu unduna, nadzasaina mapepala onena za Chadiza ndi Vubwi, malo amene awadziwa pa mapu pokha.

Nchito yeniyeni iri ku makhonsolo. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, lochedwa CDF, linayamba mu 1995. Mu 2022 ndalama zace zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse mwa madera 156. Koma caka cimeneco makhonsolo ambiri sanathe kugwiritsa nchito ndalama zonse. Mapepala anacedwa kuvomerezedwa, kugula katundu kunayenda mwa ulesi, ndipo anthu odziwa kuwerengera mtengo wa nyumba ndi kuyang'anira omanga anali ocepa. Ndalama zinagona m'banki pamene ana anali kukhala pansi m'makalasi. Kodi wophunzira za citukuko angapeze kuti sukulu loposa limeneli?

Makomiti a citukuko a m'mawadi sacilendo kwa akuluakulu a m'midzi, pakuti lamulo la 1971 linawakhazikitsa pamodzi ndi makomiti a m'midzi. Ndiwo atumiza zofuna za anthu ku khonsolo. Mamembala ace adziwa bwino cimene cisoweka, koma pempho lao nthawi zina libwezedwa cifukwa fomu sinadzazidwe bwino kapena mtengo sunalembedwe. Wophunzira mmodzi wokhala nao pansi pa mtengo angakonze zimenezi tsiku limodzi, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nayenso adzaphunzira zimene mphunzitsi wace sanamuuze: cifukwa cace nyakwawa ziwiri zikanganirana malo a cipatala, ndi cifukwa cace msonkhano woitanidwa nthawi yopalira supeza anthu.

Alipo amene anena kuti ana amenewa sangakhale kumudzi, ndipo akumbutsa za m'zaka za m'ma 1970, pamene otsiriza Fomu 5 anali kukakamizidwa kulowa Zambia National Service kwa miyezi 20, kufikira dongosolo linaimitsidwa matenda atagwa m'misasa. Cikumbutso cimeneci ndi coona ndipo siciyenera kunyozedwa. Cimene ciphunzitsa ndi cakuti wotumizidwa asamalidwe. Siciphunzitsa kuti asatumizidwe. Aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000 analembedwa nchito mu 2022, ndipo ambiri anapita kumidzi. Kodi wa digiri yaciwiri khungu lace ndi lofewa kuposa la namwino?

Mlandu suli pa ophunzira okha. Khonsolo imene ilandira wophunzira nkumusandutsa wotumidwa wopanda malipiro, osampatsa pogona kapena njinga, ikuba nthawi yace. Ndipo ngati palibe kandalama ka cakudya, amene adzakwanitsa ndi ana a olemera okha, mwana wa mlimi wa ku Lundazi nkutsala.

Cotero mayunivesite agwirizane ndi makhonsolo kuti miyezi imeneyi izithera ku maboma, ndi malipiro olembedwa poyera. Lipoti la wophunzira liwerengedwe m'cinenero ca anthu pamaso pa komiti ya wadi lisanapite kwa aphunzitsi ace. Mamembala a makomiti afunse khansala wao pa msonkhano ukudzawu kuti ndi ophunzira angati amene khonsolo yapempha caka cino, ndipo adzagona kuti.